Oyilo wa Sinthetiki: Tizimusintha Liti?

Lero ndikufuna kulankhula makamaka ndi inu eni galimoto, madalaivala a minibasi, anyamata a kabaza wa njinga zamoto ndiponso amakaniko a m'boma la Mulanje, kuyambira ku Nkando, Chisitu, Chitakale ndi pa Boma, mpaka ku Limbuli ndi ku Muloza kumalire. Ngakhale ndatchula Mulanje, zimene ndikambezi zili ndi phindu kwa aliyense amene galimoto yake imatha nthawi yaitali injini ikulira koma matayala asakugudubuzika.

Masiku ano m'masitolo ogulitsa zipangizo za galimoto mwadzaza oyilo amene amamutcha wa sinthetiki. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa oyilo wamba, ndipo wogulitsa amauza munthu kuti oyilo ameneyu amayenda makilomita 10,000, mwinanso 15,000, osasinthidwa. Popeza oyilo timagula kunja, ndipo mtengo wake udakwera kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu mu May 2022 ndi mu November 2023, mawu oterewa amakoma m'khutu. Kodi ndi oona? Ndi oona kwa galimoto imene imayenda maulendo aatali pa msewu watala wopanda zoimitsa. Koma kwa galimoto zambiri za kuno kwathu si oona ayi. Injini siwerenga makilomita. Chimene chimakalambitsa oyilo ndi maola amene injini yagwira ntchito, ndiponso kuwawa kwa ntchitoyo. Tiyeni tione chifukwa chake.

Ntchito ya oyilo mu injini

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimayenda mothamanga kwambiri, china pafupi ndi chinzake: mapisitoni amene amakwera ndi kutsika m'mabowo mwawo, maring'i, mabering'i ndi zina zotero. Ntchito yoyamba ya oyilo ndiyo kulowa pakati pa zitsulozi kuti zisakhulane. Mpata umene oyilo amakhalamo ndi waung'ono zedi, wosaposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Mpata umenewu ukauma, chitsulo chimadya chinzake, ndipo apa ndi pamene timamva kuti injini ya uje yanoka.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuchotsa kutentha m'malo amene madzi a mu radiyeta safikamo. Yachitatu ndiyo kutsuka: oyilo amanyamula mwaye ndi tizitsulo tonyenyeka, n'kukazisiya mu sefa, imene amakaniko amati fyuluta. Yachinayi ndiyo kulimbana ndi asidi ndi dzimbiri, pakuti mafuta akamapsa mu injini amatulutsa asidi amene angathe kudya zitsulo.

Kuti agwire ntchito zonsezi, oyilo sakhala mafuta okhaokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene zili m'chigubu ndi mankhwala othiramo: ena otsuka, ena ogwira mwaye kuti usaundane, ena opha asidi, ena oteteza zitsulo pamene zapanikizana. Mankhwala amenewa amatha. Mayi amene akuchapa zovala zambiri m'beseni limodzi amadziwa kuti, ngakhale sopo akhale wabwino chotani, imafika nthawi yotaya madzi ndi kutunga ena. Akapitiriza, sakuchapanso ayi, akungobwezera litsiro pa zovala. Ndi mmenenso zimakhalira ndi oyilo.

Kusiyana kwa sinthetiki ndi oyilo wamba

Oyilo wamba amachokera ku mafuta okumbidwa pansi pa nthaka, amene amangoyengedwa. Tizigawo take tosaoneka ndi maso timasiyana misinkhu: tina tating'ono timene timauluka msanga pakatentha, tina tikulutikulu timene timasanduka phula. Oyilo wa sinthetiki amapangidwa m'fakitale mwa njira yakuti tizigawo take tifanane, monga njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi. N'chifukwa chake sapsa msanga pakatentha, ndipo salimba kwambiri kukazizira.

Oyilo wa mtundu umenewu si wachilendo pa dziko lapansi. Akatswiri a ku Germany adayamba kumupanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo adagwira ntchito m'ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha adalowa m'ndege za jeti, zimene injini zake zimatentha koposa. Eni galimoto wamba adayamba kumugula pambuyo pake ku America: kampani ya Amsoil idatulutsa wake mu 1972, ndipo Mobil 1 adafika mu 1974. Mu 1999 kudali mkangano pakati pa makampani a Mobil ndi Castrol pa tanthauzo la dzinali, ndipo chigamulo chimene chidaperekedwa ku America chidalola kuti oyilo wochokera pansi pa nthaka, ngati wayengedwa kwambiri ndi kusinthidwa m'fakitale, azitchedwanso sinthetiki. Motero dzina limeneli likalembedwa pa zigubu ziwiri, sizitanthauza kuti zam'katimo ndi zofanana. Palinso oyilo wosakaniza, mbali ina wamba, mbali ina sinthetiki.

Ubwino wa sinthetiki sitikuukana ayi. Koma mumvetse ichi, pakuti ndipo pagona nkhani yathu yonse: oyilo wa sinthetiki amapirira moto, koma alibe khomo lotulutsira fumbi, madzi, mwaye kapena petulo zimene zalowa mwa iye. Zonsezi zimakhala momwemo mpaka tsiku limene makaniko adzamasule boti ya pansi pa injini. Tsono tiyeni tione mmene zinthu zimenezi zimalowera, tikamayenda m'misewu yathu.

Injini ikulira, galimoto itaima

Tiyambe ndi minibasi imene imanyamula anthu pakati pa Muloza, Mulanje ndi Limbe. Pa siteji, pamene oyitanira akufuula, dalaivala sazimitsa injini. Amaipemerera moto, n'kusuntha galimoto pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kuti okwera aganize kuti inyamuka posachedwa. Ikanyamuka, kaya idzere msewu wa Midima kapena wa ku Luchenza ndi Thyolo, imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ikafika ku Limbe m'mawa kapena madzulo imalowa m'mdipiti wa galimoto, ndipo amene akupitirira ku Blantyre pa msewu wa Masauko Chipembere, kudzera pa Chichiri ndi Ginnery Corner, amadziwa mmene galimoto zimakwawira ngati nkhono. Onjezerani mizere ya pa malo omwetsera mafuta imene tidaiona mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi zaka zotsatira, pamene munthu ankaliza injini kambirimbiri kuti asunthe mayadi asanu okha.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Injini imene ikungolira galimoto itaima imazungulira maulendo pafupifupi 750 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi ndiye kuti yazungulira maulendo 45,000, koma mita yowerenga makilomita sidasunthe ngakhale pang'ono. Taganizaninso galimoto ziwiri zimene zonse zayenda makilomita 10,000. Yoyamba imayenda maulendo aatali, ndipo tikaphatikiza kuthamanga ndi kuima komwe, imatha makilomita 60 pa ola: injini yake yagwira ntchito maola 167. Yachiwiri imakhalira kuima ndi kukwawa, ndipo imatha makilomita 20 pa ola: injini yake yagwira ntchito maola 500. Mita ikuti galimotozi zayenda mofanana, koma oyilo wa yachiwiri wagwira ntchito katatu kuposa wa yoyamba. Kampani ya Ford imauza eni galimoto zake zina za dizilo kuti ola limodzi la injini yolira galimoto itaima aziliwerenga ngati makilomita 40.

Ife a ku Mulanje sitiyenera kudabwa ndi zimenezi, pakuti chitsanzo chili pakhomo pomwe. Mathirakitala amene amatuta masamba a tiyi m'maesiteti ali ndi wotchi yowerenga maola, ndipo sevisi yake imatsata maolawo. Kwa mathirakitala ambiri akale, oyilo amasinthidwa pakatha maola 250. Amene adapanga thirakitala adadziwa kuti makina oyenda pang'onopang'ono, oima kawirikawiri, sangayesedwe ndi mtunda. Minibasi ya pa siteji ndi galimoto ya m'mdipiti zili pafupi ndi thirakitala kusiyana ndi mmene eni ake amaganizira.

Nanga chimachitika n'chiyani m'kati mwa injini pa nthawi yotereyi? Injini ikamalira pang'onopang'ono, mafuta sapsa onse. Ena amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo, ndipo oyiloyo amasanduka wamadzimadzi, wosatha kuimika zitsulo patalipatali. Mu injini ya dizilo mumachulukanso mwaye. Ndiponso galimoto ikamakwawa masana a mu October, mphepo yoomba pa radiyeta imachepa, injini n'kutentha kwambiri. Akatswiri a oyilo ali ndi lamulo lakuti, oyilo akatentha kupyola muyeso wake, madigiri 10 alionse oonjezera amafulumizitsa kupsa kwake kawiri. Apa sinthetiki amathandizadi, chifukwa amapirira moto kuposa oyilo wamba. Koma petulo kapena dizilo amene wagwera mwa iye amamusungunula chimodzimodzi.

Maulendo aafupi ndi chiperoni

Pali galimoto ina imene mwini wake amati siivutika konse. Iyi ndi ya mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene amakhala ku Chitakale n'kumagwira ntchito pa Boma. M'mawa makilomita ochepa, madzulo makilomita ochepa, Lamulungu ku tchalitchi. Pa chaka chathunthu mwina safika ndi makilomita 5,000 omwe. Iyeyu amati oyilo wake akadali watsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Madzi amenewa amatuluka ngati nthunzi ku paipi ya utsi, ndipo ndi amene mumawaona akudontha m'mawa. Koma injini ikakhala yozizira, nthunzi ina imasanduka madzi m'kati momwemo, monga mame a pansi pa chivundikiro cha poto, n'kutsikira mu oyilo. Kuti madziwa aphwe, oyilo ayenera kutentha kufika pafupi ndi madigiri 100, n'kukhala wotentha kwa kanthawi. Galimoto ya ulendo wa mphindi zisanu siifika pamenepo. Madzi aja amakumana ndi mwaye ndi asidi, n'kupanga phala lakuda limene limatseka tinjira ta oyilo. Vutoli limakula m'miyezi ya May mpaka August, pamene chiperoni chimaphimba phiri, mvula yawaza ikugwa masiku angapo ndipo kunja kuli zii. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanolo amakoka madzi.

N'chifukwa chake opanga galimoto satchula makilomita okha ayi, amatchulanso miyezi. Ndipo inu a maulendo aafupi muchita bwino kuipatsa galimoto ulendo wotalikirapo kamodzi pa mlungu, theka la ola osaima, monga kuchoka pa Boma kukafika ku Muloza, kuti oyilo atenthe ndi kutaya madzi ake.

Fumbi, zitunda ndi madzi osefukira

Tikachoka pa tala n'kulowa m'misewu ya m'maesiteti ndi ya m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, timakumana ndi mdani wina. Fumbi la m'miyezi ya September, October ndi November lili ndi timchenga tolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Injini imameza mpweya wochuluka zedi, ndipo chotchinga fumbi ndi sefa ya mpweya yokha. Sefayo ikang'ambika, kapena paipi yake ikaboola, kapena munthu akaichotseratu poganiza kuti galimoto ipeza mphamvu, fumbi limalowa, n'kukasanganikirana ndi oyilo. Pamenepo oyilo amene amayenera kuteteza zitsulo amasanduka mwala wonolera. Palibe sinthetiki amene angasungunule mchenga.

Zitunda nazo zimalemetsa ntchito. Galimoto imene yasenza matumba a chimanga kuchokera ku Limbuli, kapena nanazi ndi nthochi zopita ku Limbe, ikamakwera zitunda za ku Thyolo pa giya yaing'ono, injini imazungulira kwambiri pa mtunda wochepa ndipo imatentha. Apanso mita imanena zochepa, ntchito ili yambiri.

Za madzi osefukira, anthu a ku Mulanje ndi Phalombe safuna kuuzidwa, ataona zimene namondwe wa Freddy adachita mu March 2023. Galimoto kapena njinga yamoto imene yaoloka madzi akuya, kapena yamizidwa, iyenera kuonedwa oyilo isanalizidwenso. Oyilo akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Ameneyo atayidwe tsiku lomwelo, ngakhale atakhala kuti adathiridwa dzulo.

Zimene opanga galimoto amanena

Galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu zidagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo ndi bwino kumva zimene eni ake amanena kumeneko. Kampani ya Toyota imauza anthu a ku Japan kuti galimoto zambiri za petulo zopanda tebo zisinthidwe oyilo pakatha makilomita 15,000 kapena chaka chimodzi. Nambala imeneyi ndi imene ogulitsa amakonda kutchula. Koma pa tsamba lomwelo pali mzere wachiwiri umene ambiri sauwerenga: galimoto yogwira ntchito yowawa isinthidwe pa makilomita 7,500 kapena miyezi 6. Kwa galimoto zambiri za petulo zokhala ndi tebo, nambala zake ndi makilomita 5,000 kapena miyezi 6, ndipo pa ntchito yowawa makilomita 2,500 kapena miyezi 3.

Nanga ntchito yowawa ndi iti? Ku Japan amaiwerenga motere: kuyenda kawirikawiri m'misewu yafumbi, yamiyala kapena yokumbikakumbika, kukwera ndi kutsika mapiri, kubwereza maulendo aafupi osafika makilomita 8, kuyenda pang'onopang'ono kapena kuliza injini nthawi yaitali galimoto itaima, ndiponso kuyenda makilomita oposa 20,000 pa chaka. Chimodzi chokha mwa zimenezi ndi chokwanira. Tsono inu omvera, dzifunseni: ndi galimoto iti ya ku Mulanje imene siikhudzidwa ndi chimodzi mwa zimenezi? Zimene anzathu amazitcha ntchito yowawa, kuno ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku. Mzere wathu ndi wachiwiriwo.

Buku la galimoto likakhala m'Chijapani, musataye mtima. Galimoto zambiri zili ndi kachikwangwani komatidwa kunsi kwa boneti, ndipo manambala a makilomita ndi a mtundu wa oyilo amawerengeka ndi aliyense. Mukalephera, funsani makaniko wodziwa. Safunsa adadya phula.

Malangizo kwa aliyense monga mwa galimoto yake

Kwa inu a galimoto yaing'ono ya petulo yopanda tebo, ngati mukuthira sinthetiki weniweni, musapyole makilomita 7,500 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Ngati injini ndi yakale, kapena mumakhala kutali ndi tala, kapena galimotoyo imanyamula anthu tsiku lonse monga zichitira ma Sienta, tsikirani pa makilomita 5,000. Galimoto ikangofika kuchokera kunja, isintheni oyilo ndi fyuluta nthawi yomweyo, chifukwa simudziwa amene ali m'katimo adathiridwa liti.

Kwa inu a minibasi, makamaka za dizilo zakale, makilomita 5,000 akhale malire. Minibasi imene ikupita ku Limbe ndi kubwerako kawiri pa tsiku imatha makilomita oposa 250, kotero kuti malirewa amakwana m'milungu itatu kapena inayi. Koma werenganinso maola. Injini ikamalira maola 10 pa tsiku, maola 250 amakwana m'masiku 25. Eni minibasi, gulani kope lakuti dalaivala azilembamo tsiku la sevisi ndi nambala ya pa mita, ndipo inu a dalaivala, mukaona kuti mukhala pa siteji kupitirira mphindi zochepa, zimitsani injini. Mupulumutsa dizilo ndi oyilo yemwe.

Kwa inu anyamata a kabaza, nkhani yanu ndi yaikulu kuposa onse. Njinga yamoto imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilatchi. Injini yake imaziziritsidwa ndi mphepo, kotero kuti mukamakwawa ndi katundu wolemera imatentha kwambiri. Njinga zambiri zilibe fyuluta yapepala, zili ndi kasefa kawaya chabe. Langizo langa ndi lakuti musapyole makilomita 2,000, ndipo kwa amene mumayenda makilomita 100 pa tsiku, imeneyi ndi milungu itatu. Musathire oyilo wa galimoto m'njinga yamoto, chifukwa wina amakhala ndi mankhwala otereretsa kwambiri amene amachititsa kilatchi kuterera. Funani chigubu cholembedwa 4T ndiponso JASO MA kapena MA2.

Nonsenu, posintha oyilo sinthaninso fyuluta. Fyuluta yakale imasunga oyilo wakuda ndi litsiro lake, ndipo ikatsekeka, kavavu kake kamatseguka n'kulola oyilo kudutsa wosasefedwa. Tsatiraninso manambala amene opanga galimoto adalemba, monga 5W-30 kapena 15W-40. Nambala yoyamba imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amalemerera injini ikatentha. Oyilo wolemera kwambiri amachedwa kufika m'tinjira ting'onoting'ono ta injini zamakono pamene mwangoliza m'mawa, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene zitsulo zimadyeka kwambiri.

Ndipo ngati thumba silikulola, kumbukirani ichi: oyilo wamba wabwino amene akusinthidwa pa nthawi yake amasunga injini kuposa sinthetiki amene wasiyidwa chaka chathunthu.

Zikhulupiriro zimene zapha injini zambiri

Ena amayesa oyilo ndi maso kapena kumufikisa pakati pa zala. Mtundu wokha sunena zoona. Mu injini ya dizilo oyilo amada m'masiku ochepa, chifukwa akugwira ntchito yake yonyamula mwaye, pamene m'galimoto ya maulendo aafupi angathe kuoneka woyera koma ali wodzaza madzi ndi asidi. Zizindikiro zoona ndi izi: oyilo wooneka ngati mkaka, oyilo wonunkha petulo, oyilo wokhala ndi timchenga, ndiponso oyilo amene akukwera yekha pa kachitsulo koyezera inu musadaonjezere. Kachitsulo kameneka muzikasolola kamodzi pa mlungu, galimoto itaima pa malo athyathyathya, injini itazima.

Ena amati popeza injini yawo imadya oyilo ndipo amaonjezera mlungu ndi mlungu, ndiye kuti oyilo wawo ndi watsopano nthawi zonse. Kuonjezera si kusintha ayi. Litsiro silichoka, limangounjikana pansi.

Ena amadikira nyali yofiira ya oyilo kuti iwakumbutse. Nyali imeneyo sinena kuti nthawi ya sevisi yakwana. Imanena kuti oyilo sakufikanso ndi mphamvu m'mabering'i. Ikayaka muli paulendo, imani pambali ndi kuzimitsa injini pomwepo, pakuti mphindi zochepa ndi zokwanira kuti inoke.

Chenjeraninso ndi oyilo wogulitsidwa m'mabotolo osamata m'mphepete mwa msewu. Simungadziwe ngati ali watsopano kapena wakale wongosefa. Gulani chigubu chomata bwino, cholembedwa zilembo za API, ndipo chitsegulidwe inu mukuona.

Oyilo wakale apite kuti?

Tisanamalize, tinenepo za oyilo amene watuluka mu injini. Ameneyu ndi poizoni. Asathiridwe pansi, m'ngalande kapena mumtsinje, asapakidwe pa zilonda za anthu kapena za ziweto, ndipo amakaniko asambe ndi sopo akamukhudza, chifukwa kumukhudza kwa zaka zambiri kumaononga khungu. Ife a ku Mulanje tili ndi udindo wapadera. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza ndiyo imamwetsa midzi yathu ndi kuthirira madimba athu, ndipo kuyambira mu 2019 madzi a Likhubula amafikanso m'mipope ya anthu a ku Blantyre. Oyilo pang'ono amaipitsa madzi ambiri. Muthireni m'chigubu chotseka, ndipo mukamusiye ku galaja kapena kwa ogulitsa oyilo amene amasonkhanitsa wakale.

Omvera anga, malita anayi a oyilo ndi fyuluta imodzi ndi ndalama ndithu, koma sizingafanane ndi mtengo wophwasula injini, kugula maring'i ndi mabering'i, kapena kuitanitsa injini ina kuchokera kunja. Ndipo pa masiku onse amene minibasi kapena njinga yamoto yagona ku galaja, banja la dalaivala, la kondakitala ndi la mwini wake limagona ndi njala. Tsono wogulitsa akakuuzani makilomita 15,000, inu muwadule pakati. Muwerenge maola amene injini yalira pa siteji ndi m'mdipiti, muwerenge miyezi, mukumbukire fumbi ndi chiperoni, ndipo mulembe tsiku la sevisi pamalo pamene mudzalione. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Muyende bwino pamsewu.